Muyeso wa m'magazi ndi chikonzero cha Allah

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse, Mwini kupatsa ndi Mwini kumana, amene amaumba munthu m'mimba mwa mayi wake diso lililonse lisakuona. Tikuikira umboni kuti palibe woyenera kupembedzedwa koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa Maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo olemekezeka m'Chisilamu, tikudzilangiza ife eni, ndipo tikukulangizani inu, kuti timuope Allah poyera ndi pobisika.

Lero tikambirana nkhani imene ambiri amainong'ona kuseri kwa nyumba, koma pa mimbari siimveka kawirikawiri, nkhani ya banja losowa mphatso ya mwana. Chatifikitsa pamenepa ndi funso limene lidabwera ku khonsolo yathu kuchokera ku banja lina la m'boma lathu lino la Marávia. Eni ake adatilola kuliyankha pagulu kuti ena apindule, koma dzina lawo ndi mudzi wawo tazisunga, pakuti chinsinsi cha Msilamu ndi amana.

Banjali lakhala zaka zambiri lopanda mwana. Litayesa kuno kwathu, litayesanso ku Tete, lidagulitsa ng'ombe, nkuphatikiza ndalama za fodya za zaka zingapo, nkuwoloka malire kukafuna chithandizo ku chipatala cha kunja. Kumeneko madokotala adatenga mazira a mkazi ndi mbewu ya mwamuna wake, nazikumanitsa kunja kwa thupi. Padapangika miluza itatu, ndipo yonse adaisunga youndanitsa. Patapita nthawi adasungunula umodzi nauika m'chiberekero cha mayiyo, koma mimba siidakhazikike. Dokotala adawauza kuti mwina chimodzi mwa zifukwa chidali kuchepa kwa homoni ina ya m'magazi yotchedwa progesterone. Miluza iwiri ikadali komweko, ikudikira.

Atabwerera kumudzi adapeza milandu iwiri ikuwayembekezera. Akuchimuna akuti: "Mwadzimvera nokha, vuto lili m'magazi a mkaziyu; thupi lake likukana mwana wathu." Akuchikazi akuti: "Lekani kulimbana ndi Mulungu; chimene sadalembe, jakisoni sangachilembe." Funso la banjali tsono nali: kodi kuyeza magazi ndi kuwonjezera mankhwala ndi kupikisana ndi chikonzero cha Allah? Nanga muyeso ukachepa, wolakwa ndani?

Mlandu suweruzidwa usanamveke, choncho tiyambe tamvetsa chimene madokotala amachita.

Njira yokumanitsa dzira ndi mbewu kunja kwa thupi, imene amaitcha IVF, yakhalapo zaka zoposa 40. Mwana woyamba wobadwa mwa njirayi, Louise Brown, adabadwa pa 25 Julayi 1978 ku Oldham m'dziko la England, mwa ntchito ya Patrick Steptoe ndi Robert Edwards. Mu 1984 chipatala cha Tygerberg ku Cape Town chidalandira mwana woyamba wa njirayi m'dziko la South Africa, ndipo chaka chomwecho ku Melbourne, m'dziko la Australia, kudabadwa mwana wochokera mu mluza umene udayamba wasungidwa woundanitsa. Lero zipatala zotere ziliko ku Lusaka, ku Harare ndi ku Johannesburg, ndipo anthu athu ayamba kuzifika.

Mluza wa masiku 5 kapena 6 ndi kanthu kochepa kuposa njere ya fodya imene timafesa pa nazale. Amausunga mu nitrogen wamadzi, pa kuzizira kwa madigiri 196 kunsi kwa ziro, ndipo pamenepo zonse za m'kati mwake zimaima. Ukhoza kukhala choncho zaka, ngati mbewu yosungidwa bwino m'nkhokwe. Koma mlimi aliyense wa ku Fingoè kapena ku Malowera akudziwa kuti mbewu yabwino payokha siikwanira. Munda uyenera kulimidwa, ndipo kubzala kuyenera kugwera pa nthawi yake.

Wolima munda wa chiberekero, mwa chilolezo cha Allah, ndiye progesterone. Mwezi uliwonse dzira likatuluka m'thumba la mazira, pamalo pamene lachokapo pamatsala kachiwalo kachikasu kamene kamatulutsa homoni imeneyi. Iyo imakonza khoma la m'kati mwa chiberekero kuti likhale lofewa ndi lodzala chakudya, kuti mluza ukafika umamatire ndi kukula. Mimba ikakhazikika, kachiwalo kaja kamapitiriza ntchito mpaka pakati pa sabata ya 7 ndi ya 10, pamene nsengwa imailandira ntchitoyo m'manja mwake.

Poika mluza wosungidwa, madokotala ali ndi njira ziwiri zikuluzikulu. Nthawi zina amatsata mwezi wachilengedwe wa mayi, thupi lake nkumadzipangira lokha progesterone. Nthawi zina amakonza chiberekero ndi mankhwala okhaokha. Mu njira yachiwiriyi dzira silituluka, kachiwalo kachikasu kaja sikapangika, ndipo mimba yonse imatsamira pa mankhwala amene mayi amaika kumalo obisika kapena kubayidwa, tsiku ndi tsiku, kufikira nsengwa itakhwima. Masiku nawo amawerengedwa mosamala, pakuti nthawi imene chiberekero chimalandira mluza ndi yaifupi.

Kwa zaka zambiri ankaganiza kuti mlingo umodzi wa mankhwala umakwanira mayi aliyense. Mu 2017 dokotala Elena Labarta ndi anzake a ku Valencia, m'dziko la Spain, adafalitsa zimene adapeza atayeza magazi a amayi pa tsiku loika mluza. Ngakhale onse ankalandira mankhwala ofanana, m'magazi mwawo simudali mofanana. Mwa amayi amene progesterone adali pansi pa mananogalamu 9.2 pa mililita imodzi ya magazi, pafupifupi 33 mwa 100 alionse mimba zawo zidapitirira. Mwa amene adali pamwamba pa muyeso umenewo, zidapitirira kwa pafupifupi 53 mwa 100 alionse. Ofufuza ena adapeza malire oyandikana ndi amenewa, ena otsikirapo pang'ono, ena okwererapo. Pambuyo pake gulu lomwelo la ku Valencia lidaona kuti amayi opezeka ndi muyeso wochepa akawonjezeredwa jakisoni wa progesterone tsiku lililonse, mwayi wawo umayandikira wa anzawo. Nanogalamu, abale, ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a galamu. Pa kanthu kochepa chotero pamatsamira chiyembekezo cha banja lonse. Subhanallah.

Tsopano tibwere kwa akuchikazi, amene akuti kuyeza ndi kuwonjezera ndi kulimbana ndi Mulungu. Mantha awo ngochokera mumtima woopa Allah, ndipo tikuwalemekeza. Koma tiwafunse modzichepetsa: muyeso umene dokotala akuuwerengawo adauika ndani? Mu Surat Ar-Ra'd, ndime 8, Allah akutiphunzitsa kuti Iye akudziwa chimene mkazi aliyense wasenza m'mimba, kuchepa ndi kuchuluka kwa zochitika m'ziberekero, ndi kuti chinthu chilichonse adachiikira mlingo wake. Dokotala sadalenge mlingowo. Iye wangofika mochedwa, nkuwerenga pang'ono za dongosolo limene lidalipo chiyambire mayi wathu Hawa. Amene waona kuti madzi achepa pa dimba nkuthirira, salimbana ndi Mwini mvula.

Qur'an yolemekezeka ndi Sunna zadzala ndi phunziro limeneli. Maryam, mtendere ukhale pa iye, ali pa ululu wa kubereka, adalamulidwa kugwedeza thunthu la mtende kuti zipatso zigwe, chikhalirecho Allah adali wokhoza kuzigwetsa popanda dzanja lake. Mtumiki, Swalla Allahu alaihi wasallam, adalangiza munthu amene ankafuna kusiya ngamira yake yosamanga kuti ayambe waimanga, kenaka ayadzamire mwa Allah. Adalamulanso Maswahaba ake kuti azifuna mankhwala akadwala. Ndipo Umar ibn al-Khattab, Radhiya Allahu anhu, atamva kuti ku Sham kwagwa mliri, adabwerera panjira ndi anthu ake. Atafunsidwa ngati akuthawa chikonzero cha Allah, adafotokoza kuti kubwererako nakonso kudali m'kati mwa chikonzero chomwecho. Momwemonso, kuchepa kwa progesterone ndi chikonzero, kuyezetsa magazi ndi chikonzero, jakisoni wowonjezera ndi chikonzero. Kusiya chimene chili chotheka nkumati tayadzamira mwa Allah ndi ulesi umene wavala mkanjo wa chikhulupiriro.

Tibwerenso kwa akuchimuna, amene atenga muyeso wa dokotala nkuusandutsa chigamulo pa mpongozi wawo. Abale, bwererani ku ziwerengero zija. Mwa amayi 100 amene magazi awo adali bwino, pafupifupi 47 adabwerera kwawo manja ali m'khosi. Mwa amayi 100 amene muyeso wawo udali wochepa, pafupifupi 33 mimba zawo zidapitirira ndithu. Chikhala kuti muyesowo ndiwo umalenga mwana, oyambawo onse akadabereka, ndipo achiwiriwo palibe akadaima. Muyeso umakweza mwayi kapena kuutsitsa, koma sulamula. Madokotala eni ake amavomereza kuti miluza yambiri imalephera chifukwa cha zolakwika za m'kati mwa mluzawo, zimene zimachuluka msinkhu ukamapita, ndipo zimenezi mankhwala a chiberekero sangazikonze. Mu Surat Ash-Shura, ndime 49 ndi 50, Allah watchula magulu anayi a anthu: opatsidwa ana aakazi, opatsidwa ana aamuna, opatsidwa onse awiri, ndi osapatsidwa konse. Magulu onse anayiwa adawaika pansi pa chifuniro Chake, ndipo sadatchule limodzi mwa iwo kuti ndi lotembereredwa.

Kodi mayi uja adachimwa chiyani? Kuti thupi lilandire mankhwala mochuluka kapena mochepa sizichokera m'chifuniro cha munthu. Amayi awiri akhoza kutsata malangizo mofanana, koma magazi awo nkusiyana, monga momwe minda iwiri yoyandikana imamwera mvula imodzi mosiyana. Allah saimba munthu mlandu pa chimene sichili m'manja mwake. Ife ndife yani kuti timuimbe? Mu 2023 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake. Ndipo m'mabanja ambiri otere, vuto limapezeka kwa mwamuna, kapena kwa onse awiri. Koma m'midzi mwathu dzina loti chumba timathamangira kulipachika pa mkazi, mwamuna asanapondeko nkomwe ku chipatala. Kumeneko ndi kupondereza, ndipo Allah sakonda opondereza.

Onani tsono, abale, kuti mbali ziwirizi zaphonya pamalo amodzi. Akuchikazi aiwala kuti Allah amagwiritsa ntchito zifukwa. Akuchimuna aiwala kuti zifukwa zili ndi Mwini wake. Msilamu amagwira zonse ziwiri: manja ake amachita chotheka mosanyozera, mtima wake nkusiya zotsatira kwa Allah.

Komabe si khomo lililonse la chipatala limene Msilamu angalowe. Mu 1980 Sheikh Gad al-Haq Ali Gad al-Haq, amene pa nthawiyo adali Mufti wamkulu wa dziko la Egypt, adapereka fatwa yololeza njirayi ngati dzira ndi la mkazi, mbewu ndi ya mwamuna wake, ndipo chiberekero ndi cha mkazi yemweyo. Mu 1986 bwalo la akatswiri a fiqh la mayiko a Chisilamu, litakumana ku Amman, lidatsimikiza zomwezo, nkuletsa njira zonse zolowetsa munthu wachitatu, kaya ndi mbewu yake, dzira lake kapena chiberekero chake. Mu 1990 ku Jeddah bwalo lomwelo lidalangiza kuti asamapange miluza yoposa yofunika, ndipo lidaletsa kuika mluza wotsala mwa mkazi wina. Chifukwa chake ndi kusunga nasab, kuti mwana aliyense adziwe bambo ake ndi mayi ake enieni. Sitikubisirani kuti kafukufuku wa ku Valencia uja adachitika pa amayi amene adalandira mazira a akazi ena, njira imene kwa ife ndi haraam. Nzeru ya kuyeza magazi tikuitenga, pakuti ndi yoona pa thupi la mayi aliyense, koma njirayo tikuisiya. Tisaganizenso kuti tchimo limeneli ndi la kunja kokha. Mwambo wolowetsa fisi m'nyumba usiku kuti banja lipeze mwana ndi womwewo, wangosiyana chovala.

Pali malire enanso amene akukhudza banja lathu lija mwachindunji. Maulamaa ambiri agwirizana kuti mluza wosungidwa uikidwe pokhapokha ukwati ukadalipo. Ukwati ukatha, kaya ndi twalaq kapena imfa ya mwamuna, khomo latsekeka. Choncho inu akuchimuna amene mukufulumiza mwana wanu kuti amusiye mkaziyu, dziwani chimene mukuchita: miluza iwiri ija ndi magazi anu omwe, ndipo tsiku limene ukwati udzathe ndi tsiku limene chiyembekezo chake chidzathe.

Yankho lathu kwa banjali nali. Nkololedwa kubwerera kukaika miluza yotsalayo. Nkololedwa, ndiponso ndi nzeru, kupempha dokotala kuti ayeze progesterone pa nthawi yake ndi kuwonjezera ngati wachepa, ngakhalenso kumufunsa ngati njira yotsata mwezi wachilengedwe ingamuyenere mayiyo. Koma si faradhi. Amene alibe mphamvu, kapena mtima wake watopa, akasiya sadachimwe. Ndipo pasapezeke wolowa m'ngongole ya katapira kapena wogulitsa munda wodyetsa banja chifukwa cha chinthu chimene ngakhale dokotala sangachilonjeze.

Tanena mawu amenewa, ndipo tikupempha Allah atikhululukire ife ndi inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni chosatha.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa konse nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake.

Abale ndi alongo, chikhulupiriro chimaonekera m'zochita, choncho titchule zimene zili m'manja mwathu.

Choyamba, mayi akabwera kuchokera koikidwa mluza, mankhwala ake ndi amana. Ngati chiberekero chidakonzedwa ndi mankhwala okhaokha, kuwadumphitsa kukhoza kugwetsa mimba, ngakhale itayamba bwino. Asawasiye chifukwa waona timagazi, asawasiye chifukwa wamva kuti waima, asawasiye chifukwa azakhali anena. Awasiye pokhapokha dokotala wake atanena. Inu amuna, udindowu ngwanunso. Mukudziwa kutalika kwa ulendo wochokera ku Fingoè kudzera ku Bene kukafika ku Tete, makamaka nthawi ya dzinja. Werengerani mankhwala okwanira musananyamuke kubwerera kuno, ndipo muwasunge pamalo pozizira, pakuti kutentha kwa chigawo chathu cha Tete kumasungunula mankhwala oika.

Chachiwiri, alongo ena amafunsa za Ramadhan. Mu 1997 ku Jeddah bwalo la fiqh lija lidagamula kuti mankhwala oika kumalo obisika a amayi, ndi jakisoni wosakhala wa chakudya, sizimasula swaumu. Ena mwa maulamaa akale, makamaka a madhhab a Imam Shafi'i, ankaona kuti cholowa m'kati mwa thupi kudzera pa khomo lotseguka chimamasula. Amene mtima wake watsamira ku maganizo amenewo akumbukire kuti wodwala, ndi mayi woyembekezera amene akuopera mimba yake, ali ndi chilolezo chomasula nkudzabweza. Njira zonsezi nzotseguka. Chosayenera ndi kusintha nthawi ya mankhwala mwa iwe wekha, kapena kuwasiya chifukwa cha manyazi ofunsa.

Chachitatu, ambiri mwa ife sitidzafika ku Lusaka kapena ku Johannesburg, koma zifukwa zimene zili pafupi nafe nzambiri. M'mayiko athu a kumwera kwa Sahara, kusabereka kochuluka kumadza chifukwa cha kutsekeka kwa njira zodutsa mazira, kotsatira matenda opatsirana pogonana amene sadachizidwe, kapena matenda olowa pobereka ndi popita padera. Likodzo, limene abale athu a m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa akulidziwa bwino, limawononganso ziwalo zoberekera, chikhalirecho mankhwala ake, praziquantel, ndi mapiritsi wamba. Kudzisunga ku chiwerewere, kuchizidwa msanga mwamuna ndi mkazi pamodzi, ndi kuberekera ku chipatala, kumeneko ndiko kumanga ngamira kwathu. Banja likatha chaka likufuna mwana osamupeza, lipite kukayezetsa, ndipo mwamuna atsogole.

Chachinayi, tisunge malilime athu. Ankhoswe, ntchito yanu ndi kumanga banja. Mlongo wopanda mwana musamutche maina, musamunong'one pa chitsime, musamusale pa aqiqa ya mwana wa mnzake. Mayi wa okhulupirira Aisha, Radhiya Allahu anha, sadabereke mwana, koma ankatchedwa Ummu Abdillah chifukwa cha mwana wa mchemwali wake, Abdullah ibn az-Zubayr, ndipo Maswahaba akuluakulu ankapita kwa iye kukafunsa za Deen. Mneneri Zakariya ndi Mneneri Ibrahim, mtendere ukhale pa iwo, adadikira mpaka imvi. Ena amadikira nkupatsidwa, ena amadikira osapatsidwa pano padziko, ndipo malipiro a kupirira kwawo ali kwa Allah. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ana amasiye alipo m'midzi yathu, ndipo kulera wamasiye, uku ukumusungira dzina la bambo ake, ndi khomo lalikulu la Jannah.

E, Allah, Inu amene mudamva kunong'ona kwa Zakariya, imvani pempho la mabanja athu amene akudikira. Apatseni ana abwino ngati mmenemo muli ubwino wawo, ndipo ngati mwawakonzera china, dzadzani mitima yawo ndi kukhutira. E, Allah, sungani miluza ya m'ziberekero, chiritsani odwala athu, ndipo ongolani manja a madokotala ndi anamwino. E, Allah, tikhululukireni mawu amene tidalasa nawo alongo athu. Ikani chikondi ndi chisoni pakati pa mwamuna ndi mkazi wake, ndi pakati pa akuchimuna ndi akuchikazi. Khululukirani makolo athu, amoyo ndi amene adatsogola. Tipatseni mvula ya madalitso ndi mtendere m'boma lathu la Marávia ndi m'dziko lathu lonse la Mozambique. Ameen.

Imirirani tiswali.